Matumbo, Mantha ndi Mbewa za ku Cork

Ku Kyushu University, mumzinda wa Fukuoka m'dziko la Japan, ofufuza ankaweta mbewa zimene zinkabadwa ndi kukula osakhudzanapo ndi kachilombo ngakhale kamodzi. Mbewa zotere zimakhala m'mabokosi a pulasitiki omatidwa paliponse. Mpweya umalowa utasefedwa, chakudya ndi madzi zimayamba zawiritsidwa pa nthunzi yotentha kwambiri, ndipo munthu akafuna kugwira mbewa amapisa manja m'magolovesi omatiriridwa kuchipupa cha bokosilo. M'matumbo mwa mbewa zimenezi muli pululu, mulibe bakiteriya ndi mmodzi yemwe.

Mu 2004 Nobuyuki Sudo ndi anzake analengeza zimene anaona atazipanikiza. Ankatenga mbewa n'kuilowetsa m'kachubu kothina koti singatembenuke, n'kuisiya momwemo kwa kanthawi. Siivulala ayi, koma imasowa mtendere. Mbewa wamba, zokhala ndi tizilombo m'mimba monga mwa chilengedwe, nazonso anazichita zomwezo. Atayeza magazi anapeza kuti homoni ya corticosterone, imene thupi la mbewa limatulutsa zinthu zikathina, inakwera kwambiri mwa mbewa zopanda tizilombo zija kuposa mwa zinzake. Vuto linali lofanana, koma thupi lopanda mabakiteriya linatekeseka mopitirira muyezo. Kenako mbewa zoterezi anazipatsa mtundu umodzi wokha wa bakiteriya, Bifidobacterium infantis, amene amapezeka m'matumbo mwa makanda oyamwa, ndipo kutekeseka kuja kunatha. Panali kanthu kenanso. Akaziika tizilombo ta mbewa wamba zikadali zazing'ono, zinthu zinkasinthako ndithu. Akachedwa mpaka zitakula, sizinkathekanso.

Nkhani ino yaima pa funso limene mbewa za ku Fukuoka zinadzutsa. Ngati kusowa tizilombo kumachititsa nyama kukhala yosachedwa kutekeseka, kodi kuwonjezera tizilombo tabwino kungachititse nyama yabwinobwino, yosadwala, kukhala yodekha? Funsoli likukhudza mayi woweta nkhuku za mazira zimene zayamba kujomphana, bambo amene nkhumba zake zikulumana michira, ndiponso mwini galu amene amanjenjemera mvula ikamagunda.

Pali zinthu ziwiri zimene mayina ake amamveka mofanana, choncho omvera asazisokoneze. Maprobiotic ndi tizilombo tamoyo, makamaka mabakiteriya ndi yisiti, timene tikadyedwa pa mlingo wokwanira timapindulitsa thupi. Umu ndi mmene akatswiri oitanidwa ndi mabungwe a FAO ndi WHO anafotokozera mu 2001, ngakhale maganizowo ndi akale: Élie Metchnikoff wa ku Pasteur Institute ku Paris analemba kale mu 1907 kuti mkaka wowawasa umene alimi a ku Bulgaria ankamwa ndi umene unkawapatsa moyo wautali. Maprebiotic si amoyo. Ndi mbali ya chakudya imene mimba ya nyamayo singagaye, choncho imadutsa mpaka kumatumbo aakulu, kumene tizilombo tabwino timaidya n'kuchulukana. Glenn Gibson wa ku Britain ndi Marcel Roberfroid wa ku Belgium ndi amene anayamba kuwafotokoza motere mu 1995. Odziwika kwambiri ndi inulin ndi FOS, opezeka mu anyezi, adyo, nthochi ndi mizu ya chicory, komanso GOS, wopangidwa kuchokera ku shuga wa mumkaka. Mlimi angamve motere: kupereka probiotic n'kubzala mbewu yatsopano m'munda, kupereka prebiotic n'kuthira manyowa pa mbewu imene yamera kale.

Zoti nkhawa imasokoneza m'mimba anthu anazidziwa kalekale. Si ana a sukulu ochepa amene amatsegula m'mimba tsiku la mayeso. Asayansi anangoikapo manambala. Mu 1999 ku University of Wisconsin, Michael Bailey ndi Christopher Coe analekanitsa ana a anyani a mtundu wa rhesus ndi amayi awo, ndipo patangopita masiku ochepa mabakiteriya a Lactobacillus m'chimbudzi cha anawo anali atachepa. Chachilendo chinali chakuti uthenga umayendanso kuchoka kumimba kupita kumutu. Mark Lyte ndi anzake ku America anaonetsa zimenezi mu 1998 pomwetsa mbewa bakiteriya wa Campylobacter jejuni pang'ono chabe, mlingo wosafika podwalitsa. Mbewazo sizinadwale, thupi silinaonetse kuti likulimbana ndi matenda, koma zinayamba mantha.

Kafukufuku amene anachititsa nkhaniyi kukhala m'kamwam'kamwa anatuluka mu 2011. Amene anamuchita ndi Javier Bravo, John Cryan ndi Ted Dinan a ku University College Cork ku Ireland, mogwirizana ndi John Bienenstock ndi Paul Forsythe a ku McMaster University ku Canada. Mbewa zawo zinali zathanzi, za mtundu wa BALB/c, zoyera mbuu ndiponso zodziwika ndi mantha chibadwire. Gulu lina ankalimwetsa msuzi wokhala ndi bakiteriya wa Lactobacillus rhamnosus JB-1 tsiku lililonse kwa masiku 28. Gulu lina ankalimwetsa msuzi womwewo wopanda bakiteriya.

Mbewa siifunsidwa kuti yadzuka bwanji, ndiye mantha ake amayezedwa poona zochita. Chida chodziwika ndi matabwa awiri opingasa, opanga mtanda, okwezedwa m'mwamba pa miyendo. Mikono iwiri ya mtandawo ili ndi zipupa, muli kamdima. Iwiri inayo ili pamtetete, palibe chotchinga, kuwala kuli ngwee ndipo pansi pakuoneka patali. Mbewa imaikidwa pakati penipeni, kamera ili pamwamba, kwa mphindi zochepa. Yamantha imathamangira kumdima n'kukhala phee. Mwina isuzumira pang'ono, ndevu zili njenjenje, n'kubwereranso. Yolimba mtima imatuluka, kuyenda mpaka kumapeto kwa thabwa, kununkhiza, kusuzumira pansi. Mbewa zomwa JB-1 zinkatulukira pamtetete kawirikawiri kuposa zinzake. Ataziika m'chidebe cha madzi chopanda potulukira, zinapitiriza kusambira pamene zinazo zinkafulumira kugwa mphwayi n'kumangoyandama. Zitavuulidwa, corticosterone m'magazi mwake anali wotsika kusiyana ndi wa zinzake. Mu ubongo namonso munasintha: malo olandirira GABA, mankhwala achilengedwe amene amakhazika ubongo pansi, anachuluka m'zigawo zina n'kuchepa m'zigawo zina.

Apa ndi pamene ofufuzawo anaonetsa kuchenjera. Pali mtsempha waukulu wa mauthenga wotchedwa vagus, umene umatsika kuchokera pansi pa ubongo, kudutsa m'khosi ndi pachifuwa mpaka kufika m'mimba ndi m'matumbo. Timinyewa take tambiri, pafupifupi 80 pa 100 tilitonse, timanyamula uthenga wokwera kumutu, totsala n'timene timatsitsa malamulo. Iwo anadula mtsempha umenewu mwa mbewa zina n'kuzimwetsa JB-1 yemweyo. Zii. Khalidwe silinasinthe, mu ubongo simunasinthe. Bakiteriya analimo m'matumbo, koma uthenga wake unasowa podzera.

Pamafunika kusamala pano. Nkhani ngati imeneyi ikafika m'manyuzipepala imasanduka ya mbewa zosangalala, chonsecho palibe anayeza chisangalalo. Anawerenga kuti mbewa yatuluka kangati pathabwa ndiponso yasambira masekondi angati, basi. Kuyesa kwa m'chidebe cha madzi kuja, kumene Roger Porsolt anayambitsa ku France mu 1977, masiku ano akatswiri ambiri akukukayikira. Ena amati mbewa yoyandama sinataye mtima, yangozindikira kuti kuphiriphitha n'kutaya mphamvu pachabe, ndiye mwina yanzeru ndi yomweyo. Ena amakukana chifukwa n'kuzunza nyama, ndipo makampani angapo akuluakulu a mankhwala anakusiya. Homoni ya m'magazi ndi umboni wolimbirapo, poti siidalira mmene munthu wamasulirira zochita za mbewa.

Vagus si njira yokhayo. Pafupifupi 90 pa 100 ya serotonin yense wa m'thupi, mankhwala amene amatchulidwa kwambiri pa nkhani ya matenda a maganizo, amapangidwa m'matumbo, ndipo mu 2015 gulu la Elaine Hsiao ku Caltech ku California linaonetsa kuti mabakiteriya ena ndi amene amalimbikitsa maselo a m'matumbo kumupanga. Otsatsa malonda amakonda kulekezera pomwepa. Samanena kuti serotonin wa m'matumbo salowa mu ubongo, chifukwa ubongo umasefa zochokera m'magazi ndipo umapanga wakewake. Njira ina ndi ya chitetezo cha thupi. Khungu la mkati mwa matumbo likafooka, monga limachitira nyama ikapanikizika nthawi yaitali, tizidutswa ta mabakiteriya timalowerera n'kuyambitsa kutupa, ndipo nyama yotupa mkati imangokhala ndwii, osadya, osasewera. Palinso timaasidi tating'ono, acetate, propionate ndi butyrate, timene mabakiteriya amatulutsa akamadya zija mimba yalephera kugaya.

Timaasidi timeneti ndi timene timatifikitsa kwa maprebiotic. Mu 2017 Aurelijus Burokas ndi anzake, ku Cork komweko, anapatsa mbewa zathanzi FOS ndi GOS kwa milungu 3. Sanaziwonjezere bakiteriya watsopano ngakhale mmodzi. Acetate ndi propionate m'matumbo anakwera, corticosterone wotuluka pa nthawi ya vuto anatsika, mantha anachepa. Kenako anaziika pa mavuto amene mbewa imawamvadi: kuthithikana m'khola ndi kugonjetsedwa ndi mbewa yaukali yachilendo, masiku motsatizana. Zodya FOS ndi GOS zinapirira bwino. Zizindikiro za kutupa zinali zochepa, ndipo tizilombo ta m'matumbo mwake sitinasokonezeke kwambiri ngati ta zinzake.

Chaka chomwecho ku University of Colorado ku Boulder, Robert Thompson ndi Monika Fleshner anayang'ana za tulo. Makoswe oleredwa ndi chakudya chokhala ndi maprebiotic kuyambira ali aang'ono ankagona nthawi yotalikirapo tulo topumitsa thupi, ndipo atawadzidzimutsa ndi vuto lalikulu la tsiku limodzi, anagona kwambiri tulo ta maloto timene timathandiza ubongo kubwerera m'chimake. Kungoti chakudyacho chinalinso ndi zinthu zina zochokera mumkaka, ndipo ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku kampani yopanga mkaka wa makanda. Womvera wochenjera azisunga mfundo ziwiri zimenezi.

Ku McMaster, Premysl Bercik ndi Stephen Collins anachita zododometsa mu 2011: anatenga mbewa zoleredwa zopanda tizilombo, zamantha za BALB/c n'kuziika tizilombo ta mtundu wolimba mtima wa NIH Swiss, za NIH Swiss n'kuziika ta BALB/c. Zamantha zinayamba kuyendayenda, zolimba mtima zinayamba kuzengereza. Nsomba nazo sizinatsalire. Tinsomba ta zebrafish tikachita mantha timakakamira pansi pa thanki, koma ku University of Missouri mu 2016 timene tinapatsidwa Lactobacillus plantarum tinkakwera kukasambira kumtunda.

Mpaka apa nkhani ikuyenda myaa. Chokhumudwitsa chinachokera ku Cork komweko. Mu 2017 John Kelly ndi anzake anapereka JB-1 yemwe uja kwa amuna athanzi 29, mwezi wina makapisozi enieni, mwezi wina opanda kanthu, eniakewo osadziwa kuti akumwa ati. Anawayeza nkhawa, tulo, kukumbukira zinthu, ndi homoni ya cortisol atawapanikiza. Sanapeze kusiyana kogwirika. Wina anganene kuti munthu si mbewa. Inde, koma mbewa nazonso sizifanana. Mu 2018 Karen-Anne McVey Neufeld ndi anzake ku McMaster anapereka JB-1 kwa mitundu iwiri, BALB/c ndi Swiss Webster. Za BALB/c zinasintha monga kale. Za Swiss Webster zinangokhala mmene zinalili.

Chaka chomwecho cha 2018, Daniel Reis ndi Stephen Ilardi a ku University of Kansas anasonkhanitsa kafukufuku 22 wa nyama ndi 14 wa anthu n'kuwerengera pamodzi. Mwa anthu sanapeze kuchepa kwa nkhawa. Mwa nyama mantha anachepadi, koma atazipatula m'magulu, kuchepako kunaoneka bwino mwa nyama zodwala kale zokha. Mwa zathanzi sikunafike pa mlingo woti munthu n'kuudalira.

Ndiye zoona zake n'ziti? Woyang'anitsitsa aona kuti zotsatirazi sizikutsutsana kwenikweni. Pafupifupi paliponse pamene nyama yathanzi inapindula, panali china chake choivutitsa: thabwa la pamtetete, chidebe cha madzi, kuthithikana, kapena kukhala ya mtundu wamantha chibadwire. Nyama yokhuta, yogona pabwino, yosaopsezedwa, homoni yake ili kale pansi, ndiye bakiteriya atsitsa chiyani? Ntchito imene tizilombo tabwino taonetsa ndi yochepetsa kukwera kwa nkhawa vuto likafika, ndipo si tonse timene timatero. Dzina la Lactobacillus pa paketi palokha silinena kanthu. Zimene JB-1 anachita mwa mbewa za BALB/c, mbale wake wa dzina lomwelo akhoza kulephera kuchita.

Amalonda sanadikire kuti asayansi amalize kukangana. Kampani ya Purina ku America imagulitsa ufa wothira m'chakudya cha agalu wotchedwa Calming Care, wokhala ndi Bifidobacterium longum BL999. Umboni wake ndi kafukufuku wa kampani yomweyo pa agalu 24 a mtundu wa Labrador, ankhawa kale, amene atadya bakiteriyayo kwa milungu 6 ambiri anachepetsa kuuwa, kudumphadumpha ndi kuzungulirazungulira, ndipo cortisol m'malovu mwawo anatsika. Zotsatira zake n'zosiririka. Koma agalu 24 a mtundu umodzi, oyezedwa ndi wogulitsa yemweyo, ndi umboni wochepa.

Palinso funso loti m'paketimo mulidi zimene zalembedwa kunja kapena ayi. Scott Weese, dokotala wa ziweto ku University of Guelph ku Canada, ndi mnzake anagula maprobiotic 25 a ziweto n'kuwayeza, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2011. Mwa 15 amene analemba mtundu ndi kuchuluka kwa tizilombo tamoyo, 4 okha anakwanitsa zimene analonjeza. Ena ngakhale dzina la bakiteriya analilemba molakwika. Chifukwa chimodzi n'chodziwika: Lactobacillus ndi Bifidobacterium sachedwa kufa ndi kutentha ndi chinyezi. Paketi imene yakhala miyezi pa shelefu ya sitolo yamalata nyengo yotentha ikhoza kukhala ufa chabe. N'chifukwa chake opanga zakudya za ziweto amakonda Bacillus subtilis, amene amadzitsekera m'kachikopa kolimba n'kupirira ngakhale kutentha kwa makina oumba chakudya.

Kumene nkhaniyi ili ndi phindu logwirika ndi kukhola. Nkhuku ya pa famu si yodwala, koma moyo wake ndi wopanikizika kuyambira tsiku loyamba. Mwanapiye wakumudzi amaswedwa pansi pa make, amalondola thadzi kulikonse, amajompha pamene lajompha, zitosi zomwe, ndipo pakutha masiku ochepa m'matumbo mwake mwadzaza tizilombo ta make. Ana a njovu amadya ndowe za akuluakulu pa chifukwa chomwecho. Mwanapiye woswedwa m'makina samuona make n'komwe. Amachoka m'dzira lofukizidwa mankhwala, kulowa m'katoni, kukwera galimoto, kukafika m'khola lopoperedwa. Ku Finland mu 1973, Esko Nurmi ndi Marjatta Rantala anaonetsa kuti anapiye otere akamwetsedwa zam'matumbo mwa nkhuku yaikulu yathanzi, Salmonella amavutika kukhazikika mwa iwo. Mayiko a European Union ataletsa, kuyambira pa 1 January 2006, kuthira maantibayotiki m'chakudya cha ziweto pofuna kuti zikule msanga, makampani anathamangira kwa maprobiotic. Cholinga chinali choti ziweto zilemere ndiponso zisamatsegule m'mimba. Za khalidwe zinabwera pambuyo.

Aliyense woweta nkhuku za mazira amalidziwa vuto la kujomphana. Imayamba imodzi, kuzula nthenga za inzake pamsana ndi kumchira. Pakangooneka kamagazi zonse zimaunjikana pomwepo, m'mawa mlimi n'kupeza ina yafa, matumbo ali panja. Ambiri amathana nalo podula milomo, zimene mayiko monga Norway, Sweden ndi Finland analetsa kalekale. Ku Guelph, Claire Mindus ndi Alexandra Harlander anatenga Lactobacillus rhamnosus JB-1 wa mbewa uja n'kumupereka m'madzi akumwa kwa nkhuku za mazira, kenako anazisowetsa mtendere dala kwa milungu ingapo. Malinga ndi zimene analengeza mu 2021, zomwa madzi wamba zinawonjezera kujomphana zitapanikizika, pamene zomwa bakiteriya sizinawonjezere. Ndi zomwe zija zinaoneka mwa mbewa: bakiteriya anangoletsa kuti vuto likule.

Nkhumba za m'mafamu aakulu zimasiyitsidwa kuyamwa zili ndi milungu 3 kapena 4, pamene zikasiyidwa zokha zimayamwa miyezi 3 kapena kuposa. Tsiku limodzi kamwana kankhumba kamataya make, mkaka ndi khola lake, n'kusakanizidwa ndi anzake achilendo. Ndewu, kusadya ndi kutsegula m'mimba zimatsatira. Ofufuza a ku Canada anapeza mu 2020 kuti nkhumba zoluma michira ndi zolumidwa zinali ndi Lactobacillus wochepa m'chimbudzi poyerekeza ndi za m'makola amtendere. Kupezeka pamodzi kwa zinthu ziwirizi sikunena kuti chayambitsa chinzake n'chiti, ndipo anyani a ku Wisconsin aja anaonetsa kale kuti nkhawa payokha imatsitsa Lactobacillus.

Omvera ena akudzifunsa kale ngati chambiko kapena thobwa zingagwire ntchito yomweyi. Muli mabakiteriya owawasitsa, n'zoona, ndipo alimi m'mayiko ambiri amaviika chakudya cha nkhumba ndi nkhuku kuti chisase asanapereke. Ku Denmark ndi ku Netherlands chakudya chamadzi chosasitsa cha nkhumba chafufuzidwa kwambiri, ndipo chimachepetsa mabakiteriya oipa m'mimba. Koma kumeneko n'kuteteza m'mimba, osati kukhazika mtima pansi. Tizilombo ta m'chambiko timasiyana nyumba ndi nyumba, tsiku ndi tsiku. Chakudya choviika chikachita nkhungu chimapha ziweto, makamaka madeya ndi zotsalira za mtedza, zimene sizichedwa kugwidwa chuku. Eni agalu ndi amphaka nawo amve bwino: anyezi ndi adyo alidi ndi prebiotic, koma amawononga maselo ofiira a magazi a nyama zimenezi, choncho zisapatsidwe. Ndipo amene wagula probiotic wothira m'madzi asamuphatikize ndi maantibayotiki kapena madzi onunkha klorini, poti zonsezi ntchito yake n'kupha mabakiteriya.

Vuto limene nkhuku za kuno zimakumana nalo chaka ndi chaka ndi kutentha, ndipo nalonso lafufuzidwa. Nkhuku siituluka thukuta. Kukatentha imayasamula kukamwa, kupuma wefuwefu, kutambasula mapiko, kugona chifuwa pansi, kusiya kudya. Magazi amathamangira kukhungu kukataya kutentha, matumbo n'kutsala ndi ochepa, khungu la mkati lija n'kuyamba kufooka. Ku Purdue University ku Indiana, gulu la Heng-wei Cheng linaika nkhuku za nyama pa madigiri 32 kwa maola 10 tsiku lililonse, zina zikudya chakudya chothira Bacillus subtilis. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti zodya bakiteriyayo zinachepetsa wefuwefu ndi kutambasula mapiko, zinkaimirira, kuyenda ndi kudya kuposa zinzake, ndipo zizindikiro za kutupa m'thupi zinali zochepa. Gulu lomweli linapezanso kuti Bacillus subtilis amachepetsa ndewu mwa nkhuku za mazira za mtundu waukali.

Mlangizi wa ziweto wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje akamva zimenezi ayamba wafunsa za madigiriwo. Nkhuku za ku Purdue zinali m'zipinda zoyezedwa bwino, madzi osatha, ndipo maola 10 akakwana kutentha kunkatsitsidwa. Kuchigwa cha Shire mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena, ndipo m'khola lamalata lopanda mawindo, la nkhuku zothithikana pa chomwera chimodzi, kumaposa pamenepo. Pa mlingo umenewo nkhuku za nyama zolemera zimayamba kufa masana omwewo. Choyamba chimene alangizi amauza mlimi ndi kufolera udzu pamwamba pa malata, kutsegula m'mbali kuti mphepo izidutsa, kuchepetsa nkhuku m'khola, ndi kuzisinthira madzi kuti zimwe ozizira dzuwa likafika paliwombo.